ZA M'MIDZI MWATHU: Pa Njinga m'Mitunda ya kwa Kapichila

Mvula yakata, mitsinje yaphwa, ndipo alimi ali kalikiliki kututa za m'minda. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti ndiyo nyengo imene miseu ya m'midzi ya m'boma la Lundazi imauma bwino, dzuwa silipsereza, ndipo munthu wa njinga angathe kuyenda tsiku lathunthu osatitimira m'matope. Sabata ino danga lino likamba za ulendo wa pa njinga m'dziko la Mfumu Kapichila: zimene wapaulendo angaone, zimene ayenera kucenjera nazo, ndiponso cifukwa cake miseu imeneyi iyenera kumakambidwa pa bwalo la mfumu ndi m'nyumba ya Khonsolo.

Kumaiko akutali kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti akachove njinga m'mapiri ndi m'minda ya mpesa, kugona m'nyumba za alimi ndi kudya zakudya za kumeneko. Kuno ambiri amayesa njinga cinthu ca munthu wosowa ndalama ya basi. Mwana wobadwira ku Lundazi akapeza nchito ku Lusaka kapena ku Migodi, pobwera pa chuthi amatsika basi pa boma, nakwera njinga yamoto mpaka pa khomo la amake, ndipo amabwerera osaponda m'mudzi woyandikana nao. Munthu wotere amadziwa miseu ya ku Kabwata kuposa mitsinje imene makolo ake anamwa.

MMENE DZIKOLI LINAKHALIRA

Lundazi ili pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 180 kumpoto kwa Chipata, potsata mseu wa tara wa M12. Kale linali boma lalikulu lofika mpaka ku cigwa ca Luangwa, koma m'caka ca 2018 Boma linapatulako Chasefu ndi Lumezi kuti akhale maboma paokha. Lundazi inatsala ndi mafumu atatu: Mfumu Yaikulu Mwase, Mfumu Mphamba ndi Mfumu Kapichila. Anthu ambiri a m'midzi imeneyi amalankhula Citumbuka, ngakhale kuti Cinyanja cimamveka ponse-ponse.

Malire a Zambia ndi Malawi m'dera lino anatsata msana wa mtunda umene umagawa madzi. Mvula yogwa kum'mawa kwa msanawo imatsikira ku Nyanja ya Malawi, pamene yogwa kuno imalowa m'timitsinje tothira mu Lundazi ndi mitsinje inzake, mpaka kukafika mu Luangwa. Ici ndico cifukwa cake mseu wa m'mudzi sukhala wa see kwa nthawi yaitali. Umakwera citunda, numayenda pang'ono pamwamba pomwe pali midzi ndi minda, kenaka numatsetsereka kulowa m'dambo, nuyambanso kukwera tsidya linalo. Mapiri akulu-akulu onga a ku Nyika kulibe, koma munthu akawoloka madambo asanu ndi limodzi m'mawa umodzi, miyendo yake imamuuza kuti dzikoli si lacidikha ai.

Wochova wozolowera amauwerenga mseu monga mlenje awerengera mapazi a nyama. Amadziwa kuti pansi pa mtsetse uliwonse pali mcenga wokokoloka ndi madzi a m'dzinja, ndipo kuti tayala lakutsogolo likalowamo ndi liwiro limazama ndi kumponya pansi mwini wake. Amapewa ngalande zimene ngolo za ng'ombe zinasiya, natsata kanjira kosalala ka m'mbali kamene njinga zinzake zinapondaponda. Pa citunda cacitali sacita manyazi kutsika ndi kukankha, pakuti adziwa kuti cheni cikaduka pakati pa chire, mtunda wotsalawo ndi wa pansi.

ZOONA PA NJIRA

Wa galimoto amangoona fumbi, koma wa njinga amaona ulimi wa boma lonse pang'ono-pang'ono. Pamitunda pali cimanga coimikidwa m'mikukwe, nshawa zoyanikidwa, thonje loyera mbuu likudikira kutoledwa, mpendadzuwa, soya, ndi zigafa za fodya. Nyemba za ku Lundazi n'zochuka kotero kuti ngakhale m'misika ya ku Lusaka ogulitsa amazichula ndi dzina la boma lino. Nshawa za Chalimbana, zimene zinamveketsa Cigawo ca Kum'mawa, zikali kulimidwa pamodzi ndi mitundu yatsopano monga MGV4 yocokera ku malo ofufuzira za ulimi a Msekera kufupi ndi Chipata.

Akatsikira m'dambo amapeza dziko lina. M'madimba muli repu, matimati, anyezi, nzimbe ndi nthoci, zobiriwira pamene kumtunda udzu wauma. Pamenepo ndipo wapaulendo amapumulira, nagula nzimbe ya kuthetsa ludzu kapena mbatata yowocha, ndipo akakhala ndi mwai amapatsidwa cipanda ca thobwa. Ndalama yaing'ono imene amasiya pamenepo imalowa m'manja mwa mlimi mweni-mweni popanda wina wodyerapo pakati.

Ulendo wa m'midzi uli ndi mwambo wake. Wapaulendo akaona masamba kapena nthambi zoikidwa pa mseu, adziwe kuti pamudzipo pali maliro. Atsike pa njinga, avule cisoti, nayende pansi mpaka atapitirira masamba a mbali inayo. Msitu wowirira woima wokha pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo mlendo salowamo ngakhale mthunzi wake ukome bwanji. Pofika pa khomo la munthu amayamba ndi odi, ndipo akulu amawapatsa moni ataima, osati akali pa cishalo. Mau awiri okha a Citumbuka, "Monire adada" kapena "Monire amama", amatsegula makomo ambiri. Wofuna kugona pamudzi kapena kujambula zithunzi ayambe waonekera kwa mfumu ya mudziwo. Akulu anati safunsa anadya phula. Njira za m'midzi zimagawikana kawiri-kawiri popanda cikwangwani, ndipo amene afunsa amafika dzuwa likali m'mwamba.

MBIRI YA NJINGA KUNO

Njinga zambiri zoyamba kufika m'midzi yino zinabwera ndi amuna amene anapita kukagwira nchito ku Walale, ku Joni ndi ku Migodi. Munthu wobwera ndi njinga ya Raleigh kapena Humber anali kudziwika mudzi wonse kuti ulendo wake unapindula. Aphunzitsi, alaliki, akapaso a makhoti a mafumu ndi alangizi a zaulimi onse anali kuyenda pa njinga, ndipo ngakhale mabwana a Boma la atsamunda anali kuyendera midzi mwa njira yomweyo. Pa nthawi yomenyera ufulu njinga inagwiranso nchito yaikulu. Malemu Dr Kenneth Kaunda, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, anazungulira Cigawo ca Kumpoto pa njinga akukhazikitsa nthambi za African National Congress, ndipo m'buku lao la Zambia Shall Be Free la m'caka ca 1962 anasimba za tsiku limene anakumana ndi mkango ali pa ulendo wotere.

Dziko litalandira ufulu, Boma linaona kuti Cigawo ca Kum'mawa ndico kwao kwa njinga, ndipo kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries inayamba kupanga njinga za Eagle ku Chipata. M'zaka za m'ma 1990, pamene makampani a Boma anali kugulitsidwa, fakitaleyo inapita m'manja mwa kampani ya Tata, ndipo pambuyo pake kupanga njinga kunaima. Njinga zocokera ku India ndi ku China zinadzaza masitolo, zina zolimba, zina zongokongola utoto. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2005, linafika mu Zambia mu 2006 ndi kugawa njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala m'midzi. Pa nchito imeneyo ndipo panabadwira njinga ya Buffalo, ya citsulo colemera, imene kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula katundu wa makilogiramu 100.

KATUNDU WA PA KALIYALA

Kwa mlimi wa kwa Kapichila njinga ndiyo ngolo, ndiyo ambulansi, ndiyonso basi ya mwana wa sukulu. Thumba la cimanga la makilogiramu 50 limamangidwa pa kaliyala ndi mphira, ndipo ena amalowetsa lina pakati pa felemu, nakankha njingayo mtunda wonse. Feteleza amabwera ku munda mwa njira yomweyo. Mai wodwala amakhazikidwa pa kaliyala, mwamuna wake akukankha, mlamu wake atagwirira kumbuyo, mpaka kukafika ku cipatala caching'ono ca m'dera.

Apa ndipo nkhani ya mseu isanduka nkhani ya ndalama. Pa nthawi ya NAMBOARD, imene inathetsedwa m'caka ca 1989, ndi ya makopaletivu, malole anali kutsata misika ya m'midzi. Lero mlimi amagulitsa ku Food Reserve Agency kapena kwa amalonda oyenda ndi sikelo. Kumene lole imafika, ogula amacuruka ndipo amapikisana mtengo. Kumene kalavati inagumuka ndipo lole imabwerera panjira, kumatsala wogula mmodzi, ndipo mtengo ndi umene iye wanena. Mlimi wokana mtengowo ayenera kututa matumba ake limodzi-limodzi pa njinga, kuwoloka madambo aja, masiku ambiri amene akanagwira nchito ina. Ambiri amatopa, nagulitsa motaya. Dzenje limene mlendo wa njinga amangolilambalala akuseka, kwa mlimi ndilo limadya phindu la caka conse.

NANGA MPESA?

Owerenga ena angafunse ngati minda ya mpesa yonga ya kunja ingatheke kuno. Mpesa wa kuthengo ulipo m'chire mwathu, uja umayanga pa mitengo ndi kubala tizipatso takuda, koma mpesa wa m'munda ndi mbeu ya mtundu wina yofuna cisamaliro cacikulu. Ku South Africa unafika ndi Azungu a ku Holland, ndipo vinyo woyamba anafinyidwa ku Cape m'caka ca 1659. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo mphesa zimapsa kunja kuli kouma. Ku Dodoma m'dziko la Tanzania mpesa unabwera ndi amishoni a Cikatolika m'zaka za m'ma 1930, ndipo cifukwa ca kucepa kwa mvula ndi kutentha kwa dzikolo alimi amakolola kawiri pa caka.

Kuno mvula imagwa m'miyezi yotentha, ndipo ndi yambiri kuposa ya ku Dodoma. Cinyezi ndi kutentha zikakumana, masamba a mpesa amagwidwa ndi cinoni ndi nkhungu, ndipo zipatso zimaola zisanapse. Wofuna kuulima ayenera kuudulira pa nthawi yakuti ubale m'cilimwe, kuuthirira, kuumangira mitengo ndi waya kuti uyangepo, ndi kudikira zaka ngati zitatu asanadye kanthu. Mpesa umodzi kapena iwiri pa khonde ingapatse banja mthunzi ndi zipatso, koma mlimi asagulitse ng'ombe zake kuti adzaze munda ndi mpesa asanafunse alangizi a zaulimi ndi kudziwa kumene adzagulitsa.

Phunziro lalikulu la ku maiko a mpesa lili pa mgwirizano wa alimi. M'caka ca 1971 alimi atatu a ku Stellenbosch, a Frans Malan, a Niel Joubert ndi a Spatz Sperling, anapangana zotsegula mafamu ao kwa alendo ndi kuika zikwangwani pa miseu zolozera famu ndi famu. Njira imeneyo inakula, alimi ena analowamo, ndipo lero alendo amayenda m'menemo pa galimoto ndi pa njinga, akugula za m'munda pa khomo la mlimi. Cimene anayamba naco ndi mseu woyendeka, cikwangwani, ndi khomo lotsegula. Zitatu zimenezi sizifuna mpesa.

Lundazi ili nazo zokopa alendo. Pa boma pali hotela ya Castle, nyumba ya njerwa yomangidwa ngati linga la mafumu a ku Ulaya, imene District Commissioner Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 m'mbali mwa damu. Pamenepo ndi poyambira pabwino pa ulendo wa tsiku limodzi wozungulira midzi ndi kubwerera madzulo. Kuli uci, nshawa ndi nyemba zimene mlendo angagule. Bungwe la COMACO, limene linayamba nchito zake m'dera la Luangwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, Lundazi ikhala pakati pa malo ake oyamba, linaonetsa kuti uci, cimponde ndi mpunga wa alimi a kuno zingathe kuikidwa m'mapaketi ndi kugulitsidwa m'masitolo akulu a m'mizinda. Makalabu a acinyamata ndi a amai, mogwirizana ndi mafumu, angathe kusankha njira ziwiri kapena zitatu, kuika zikwangwani pa mphambano, ndi kukonza malo opumulirapo. Alendo oyamba sayenera kucokera kutsidya kwa nyanja. Aphunzitsi, anamwino ndi anchito a Boma okhala pa boma pomwepo ndiwo angayambe pa Ciweru.

MALANGIZO KWA WAPAULENDO

Ulendo wa njinga umakonzedwa dzulo lake. Mwini njinga ayese mabuleki onse, amange masipoko olobodoka, adzoze mafuta pa cheni, ndi kuona ngati matayala sanaperepeseke. M'cikwama mukhale pampu, zigamba, solushoni, sipanala, cubu capadera ndi mphira womangira. Minga ndi yambiri m'nyengo yokolola, ndipo ngakhale okonza njinga amapezeka pansi pa mtengo pa misika yambiri ya m'midzi, pakati pa msika ndi msika pali mtunda. Madzi akumwa anyamulidwe okwanira ndi kuonjezedwa pa mjigo, osati m'zithaphwi za m'dambo. Kunyamuka mbandakuca n'kwabwino, koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi m'madambo mumazizira kwambiri, cotero juzi isatsale. Munthu wosazolowera ayambe ndi mtunda waufupi, pakuti kupita kumakoma koma kubwerera ndiko kumayesa mwamuna.

Pa mseu wa tara wa M12 ngozi ndi yaikulu kuposa ya m'midzi. Wa njinga ayende kumanzere, m'mbali mweni-mweni, ndipo ochova awiri asayende mogundizana mapewa akuceza. Usiku njinga ikhale ndi nyali kutsogolo ndi conyezimira kumbuyo, ndipo mwini wake avale coyera. Thumba la makala kapena mtolo wa nzimbe womangidwa copingasa umatenga malo a theka la galimoto, ndipo woyendetsa lole yocokera kumbuyo sauona msanga kukada. Mowa ndi mtsetse sizigwirizana.

Ofuna kuwolokera ku Malawi adzere pa cipata ca Lusuntha ali ndi zikalata zoyenera, ngakhale njira za cidule zili mbwee ndipo abale ali mbali zonse ziwiri. Olowera kum'mwera, cakufupi ndi nkhalango za Kasungu ndi Lukusuzi, afunse eni dera za njovu. M'caka ca 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu, ndipo kucokera pamenepo midzi ya m'malire yakhala ikudandaula za kuonongeka kwa minda ndi imfa za anthu. M'madera otero munthu asayende mbandakuca kapena cisisira.

NCHITO YA KHONSOLO NDI YA MUDZI

Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, zimene zimachedwa Constituency Development Fund, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse m'caka ca 2022. Nchito zogwiridwa ndi ndalama zimenezi zimayambira ku makomiti a citukuko a m'mawadi, kumene munthu wamba ali ndi ufulu wolankhula. Pa misonkhano yotere anthu amakumbuka kupempha cipinda ca sukulu ndi mjigo, ndipo n'koyenera, koma kalavati ya pa dambo imene imalumikiza midzi khumi ndi msika kawiri-kawiri imasowa woinenera. Amene amachova njinga tsiku ndi tsiku ndiwo adziwa malo alionse oipa pa mseu, ndipo ndiwo ayenera kukhala patsogolo kuwachula maina pamaso pa khansala.

Gireda ikadutsa osatsegula ngalande za m'mbali, mvula yoyamba ya Novembala imayenda pakati pa mseu ndi kukokolola dothi lonse, ndipo ndalama imapita ndi madzi. Mseu wa dothi umakhalitsa ngati pakati pake pali pokwera, ngalande zake n'zotseguka, ndipo madzi ali ndi potulukira. Mbali ina ya nchito imeneyi ndi ya mudzi. Kulima mpaka m'mphepete mwa mseu, kukoka pulawo pa mseu, ndi kutseka ngalande kuti madzi asalowe m'munda, zonsezi zimaononga njira imene mwini mundayo adzayendamo ndi thumba lake. Mutu umodzi susenza denga: Khonsolo ibwere ndi makina ndi simenti, mafumu aitane anthu ao ndi makasu mvula isanagwe.

Miyezi ya cilimwe ndi yocepa, ndipo ikatha mpata wokonza miseu umatha nao. Khansala kapena wa nchito za miseu amene afuna kudziwa zoona za dera lake asiye galimoto pa boma tsiku limodzi, abwereke njinga, amange thumba la makilogiramu 50 pa kaliyala, nayende kucokera m'midzi ya kwa Kapichila kufikira pa msika. Pofika kumeneko adzakhala atadziwa dambo loyenera kuyamba kukonzedwa.